Chithunzi chimene ambuya angapachike pa khoma

Disembala ikafika, kapena kumapeto kwa Ogasiti pamene anthu amakhamukira ku Mkaika ku mwambo wa Kulamba, mafoni athu amadzaza ndi zithunzi za kum'mawa. Timazidziwa tisanazitsegule n'komwe: dzuwa likulowa kuseri kwa phiri, kanyumba ka udzu, mwana wopanda nsapato, ndi mbewa zowamba pa kamtengo kuti anzathu Achibemba apeze poyambira chimbuya. Zina ndi zokongola ndithu, sitikana. Koma ife amene makolo athu ali ku Nyimba, ku Sinda, ku Katete kapena ku Chadiza, tikaziyang'ana sitiona kwathu. Tiona malo amene munthu anadutsa.

Ndipo kudutsa ndiye nkhani yake. Basi ikanyamuka pa Intercity m'mamawa, imaima pa mlatho wa Luangwa pomwe pali nsomba zouma ndi madengu, imaima pa Nyimba pogula nthochi, ndipo kwinako foni imangotsamira pa windo. Boma la Petauke silili ngakhale pa Great East Road. Munthu amafunika kupatuka ndi kuyendako makilomita angapo kuti alione. Choncho ambiri amene amalemba kuti "Petauke" pansi pa chithunzi anangoona pa mphambano.

Chodabwitsa ndi zimene amadula. Wojambula amapendeka foni kuti mlongoti wa netiweki usaoneke. Amasuntha pang'ono kuti sola ya padenga ibisike. Kantemba ka Airtel Money, shopu ya mbewu ndi feteleza, mnyamata wowotcherera mageti, mulu wa salaula, zonsezi zimatayidwa kunja chifukwa akuti zikuononga "kumudzi". Koma matauni aang'ono awa si midzi, komanso si Lusaka yosakhwima. Ali ndi umoyo wao-wao, ndipo akusintha. Sinda inakhala boma paokha mu 2012. Chipata, imene azungu anali kuitcha Fort Jameson, inakwezedwa kukhala mzinda mu 2017. Amene amakhala kumeneko amanyadira malata atsopano, pamene mlendo akufunafuna udzu.

Tikamati kwathu n'kwabwino, timatanthauza chiyani kweni-kweni? Si udzu ai. Ndi kabuku kamene kali pansi pa kauntala mu kantemba, mmene mwalembedwa kuti amake uje atenga sopo ndi mchere, adzalipira akagulitsa nshawa. Ndi moni amene sathamangitsidwa: "mwauka bwanji" amatsatiridwa ndi kufunsa za ana, za mwendo umene unali kuwawa, za mvula. Ndi tsiku la maliro pamene theka la msika limatseka, ndipo amuna amene dzulo anakangana pa nkhani ya malire a munda lero alandirana khasu kumanda. Ndi azimai amene akhala pa matumba ao pa chigayo, nkhani zonse za m'boma zikupedwa pamodzi ndi chimanga. Ndi alimi amene agona masiku pa depoti ya FRA kuyembekeza sikelo, wina akuyang'anira matumba a mnzake kuti akadye.

Zinthu izi zingajambulike. Koma sizionekera pa windo la basi, ndipo sizilola kubedwa. Zifuna munthu amene watsika, wanena "odi", wakhala pansi.

Akulu-akulu athu anali ndi njira yao. Kale, wojambula anali kubwera pa njinga, kamera ili m'khosi. Anthu anali kusamba, kudzola, kuvala chitenge cha Sande, ena kubwereka wailesi kapena wochi kuti aigwire m'manja. Wojambula anali kupita, nabwera patapita masabata ndi chithunzi chotsukidwa, ndipo mwini wake anali kulipira. Chifukwa cholipira, iye ndiye anali bwana: anali kusankha poima, chovala, ndi nkhope imene dziko liyenera kuona. Ku Lusaka, a Alick Phiri anagwira nchito yotere zaka zambiri pa Kwacha Photo Studio ku Kanyama, ndipo zithunzi zao zakale tsopano zimaonetsedwa kudzera mwa Everyday Lusaka. Mukaziyang'ana, anthu a m'komboni aima mowongoka, ovala bwino, akuyang'ana kamera m'maso. Palibe amene anajambulidwa mosadziwa ali ndi nsima m'kamwa.

Lero zinatembenuka. Wojambula ndiye bwana, ndipo wojambulidwa nthawi zambiri sachiona n'komwe chithunzi chake. Ambuya akusenza nkhuni ku Katete, nkhope yao ikuyenda ku Kabwata ndi ku Johannesburg, anthu akuseka kapena kumva chisoni, iwo sadziwa. Ife tili ndi muyeso umodzi wosavuta: kodi chithunzi ichi mwini wake angachipachike pa khoma, pafupi ndi kalendala ndi chithunzi cha ukwati? Ngati angachite nacho manyazi, ndiye kuti sichinali chanu choti muonetse.

Alipo amene adzati kupempha kumaononga chithunzi, chifukwa munthu akadziwa amauma thupi, manja m'mbali ngati msilikali. N'zoona, kwa mphindi zoyamba. Ife a pa wailesi timazidziwa bwino. Ukatulutsa rekoda, munthu amayamba kulankhula ngati akuwerenga nyuzi, mwina kusinthiratu ku Chizungu. Ukakhala naye theka la ola, waiwala, wayamba kuseka ndi kukamba Chinsenga chake. Kamera ndi chimodzimodzi. Kopani choyamba chouma chija, muwaonetse, aseke, akonze duku. Ndiyeno khalani. Chachisanu kapena chakhumi ndicho chidzakhala chamoyo. Ngakhale kuwala kumafuna kuleza mtima: dzuwa la masana mu Okutobala limachititsa maso kukhala maenje akuda, koma m'mamawa kapena cha m'ma 16 koloko fumbi lomwe la mu mseu limasanduka lokongola.

Pali malo ena pomwe foni iyenera kukhala m'thumba. Mwana wa eni sajambulidwa popanda makolo ake, ngakhale amwetulire bwanji. Pa maliro pafunika chilolezo cha banja. Odwala ndi owasamalira pa chipatala sanabwere kudzaonetsedwa. Gule Wamkulu anazindikiridwa ndi UNESCO mu 2005, ndipo pa bwalo la Kulamba makamera amakhala mbwee, koma zimenezi sizitanthauza kuti mukakumana ndi gule m'njira mungothamangira kutsogolo ndi foni, kapena kulondola kumene wachokera. Funsani eni mudzi. Yankho likakhala lakuti ai, ndi ai.

Chotsala ndi kubweza. Chithunzi chimene chili m'foni chabe chili ndi moyo waufupi: foni imabedwa pa City Market, imagwera m'madzi, memori imafufutika. WhatsApp nayo imachifinya mpaka nkhope kusaoneka bwino, pokhapo mutachitumiza ngati dokyumenti. Sankhani zisanu, mupite nazo ku situdiyo akazitsuke pa pepala. Kumbuyo kwake lembani dzina la munthu, malo ndi chaka. Ndani mwa ife alibe chithunzi chakale m'sutikesi ya amai, cha munthu amene palibenso womudziwa dzina? Mukabwerera pa Khrisimasi, kapena mukapeza wopita kumudzi, chipatseni mwini wake.

Ndipo jambulani zimene zioneka ngati zilibe nchito. Lundazi Castle ili kale ndi zithunzi zambiri, sidzasowa. Zimene zikutha mwakachetechete ndi mashopu akale a makhonde aatali pomwe telala anali kukhala ndi makina ake a Singer, positi ofesi imene anthu anasiya kulowamo, zikwangwani zolembedwa ndi burashi, anyamata a njinga zonyamula anthu amene njinga zamoto zikuwalanda makasitomala tsiku ndi tsiku. Wokonza njinga wa pansi pa mtengo wa mango mungam'peze chaka chino. Muyambe mwam'funsa kuti anayamba liti nchitoyo, ndipo anam'phunzitsa ndani.