Makina Akalira Paliponse, Musathamangire Kugulitsa Mbuzi

Pa tchuthi chapitachi ndinakacheza kwa amalume anga pafupi ndi Kapichira, m'boma la Chikwawa. Amalumewo anali atangobwera kuchokera ku Johannesburg, ndipo mwa katundu wawo munali makina ofufuzira zitsulo zokwiririka pansi. Ndi ndodo yaitali yokhala ndi chimbale kunsi kwake, ndipo imalira ikadutsa pamwamba pa chitsulo.

Chimene chinawakopa ndi mbiri ya malowa. David Livingstone anafika pa mathithi a Kapichira m'chaka cha 1859, sitima yake ya Ma Robert n'kulephera kupitirira. Mnzake wina, Richard Thornton, anamwalira m'chaka cha 1863 ndipo anaikidwa m'dera lomweli. Choncho m'mudzi muli mphekesera yakuti azungu akalewo anakwirira chuma.

Koma makinawo atangoyatsidwa anayamba kulira ngati anyanyuka, pamchenga, paudzu, ngakhale poti palibe kanthu. Amalume anakumba maenje asanu ndi awiri osapeza ngakhale msomali. Anthu anayamba kunong'onezana kuti mizimu ikulondera chumacho, ndipo bambo wina anadzipereka kuti atsirika makinawo akapatsidwa mbuzi ziwiri. Mbuzi zimenezo n'zimene azakhali ankasungira fizi ya msuweni wanga wa Fomu 2.

Ndinagwada n'kunena kuti, "Malume, chonde mundipatse tsiku limodzi lokha mbuzi zisanachoke m'khola." Iwo anaseka, nati, "Mwana iwe, wayesa awa ndi masamu a kusukulu?" Komabe anandilola.

Maganizo anga ndi akuti chipangizo chikayamba kuvuta, tisathamangire kunena kuti chafa kapena chalodzedwa. Tiyambe tafunsa m'mene chimagwirira ntchito, kenaka tiziyesa chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Izi n'zimene aphunzitsi athu a sayansi amatiuza, ndipo ndinaona ndi maso anga kuti n'zoona.

M'chimbale muja muli waya wokulungidwa amene amatulutsa mphamvu ya maginito. Mphamvuyo ikakumana ndi chitsulo imadzutsa timagetsi m'chitsulomo, ndipo waya wina amamva zimenezi, makina n'kulira. Tsono makinawo sadziwa golide kapena mizimu. Chilichonse chosokoneza mphamvu ya maginito chingathe kuwaliza.

Choyamba ndinanyamula chimbalecho m'mwamba, kutali ndi nthaka. Chinapitirizabe kulira, kusonyeza kuti choliza sichinali pansi. Nditakweza maso ndinaona kuti taima pafupi ndi nthambo zikuluzikulu zochokera pamalo opangira magetsi a Kapichira. Malowa anayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2000 ndipo anawakuza m'chaka cha 2014 kufika pa mamegawati pafupifupi 130. Nthambo iliyonse yonyamula magetsi imakhala ndi mphamvu ya maginito moizungulira, ndi chilengedwe chake, si kulakwa kwa munthu. Tinayenda kamtunda ndithu, amalume n'kuzimitsa foni yawo, ndipo phokoso linachepa kwambiri.

Kenaka ndinaona mabatire. Anali ofooka, ena atsopano ena akale. Titaika atsopano okhaokha, makina anakhala chete ali chiimire, koma ankalirabe tikamawagwedeza. Apa ndinapeza kuti waya wochokera kuchimbale unali lendelende ndipo polumikizira pake panali posamanga. Ndinaukulunga bwino pandodo n'kumangitsa. Pansi pa chimbale pali chivundikiro cha pulasitiki, ndipo titachichotsa tinapezamo mchenga wakuda wambiri.

Mchengawo unandiphunzitsa chinthu china. Nditayandikizapo maginito a sipika ya wailesi yakufa, tina mwa timchengato tinamatirira. Ndiye kuti m'nthaka momwemo muli chitsulo chachilengedwe. Komanso tonse tikudziwa kuti m'madera ena a m'chigwa cha Shire madzi a m'mijigo ndi amchere. Dothi lonyowa lamchere limadutsitsa magetsi, motero nalonso limanamiza makina. Mankhwala ake ndi kuchepetsa mphamvu ya kumva kwa makinawo, ndiponso kukweza ndi kutsitsa chimbale pamalo opanda chitsulo uku mukupotokola kabatani koyenera mpaka kulira kutasiya. Amalume anali atakweza mphamvuyo mpaka pamapeto poganiza kuti apeza zambiri.

Chomaliza chinatiseketsa tonse. Amalume anavala nsapato zawo za kuntchito za ku Joni, zokhala ndi chitsulo kuzala. Nthawi iliyonse chimbale chikadutsa pafupi ndi phazi, makina ankalira. Ena mwa maenje aja anakumbidwa chifukwa cha nsapato zawo zomwe!

Pofuna kutsimikiza, tinakwirira ndalama yachitsulo ya K10, ndipo makina analira pamalo pomwepo pokha. Madzulo ake tinapeza misomali ya malata, zitsekerero za mabotolo ndi chidutswa cha khasu. Mwina zina mwa izi zinakokoloka ndi madzi a namondwe Ana, amene anawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022. Golide sitinamuone, koma mbuzi zinatsala m'khola ndipo msuweni wanga ali pasukulu.

Ena anganene kuti mwana kuwongolera akuluakulu ndi chipongwe. Ine sindikuona choncho. Sindinatsutsane ndi amalume pagulu, ndinangopempha kuti tiyese limodzi, ndipo iwo eni anaona zotsatira zake. Maphunziro amene makolo athu akutilipirira movutikira chonchi asamathere m'chipinda cha mayeso, azitithandiza kuteteza kangachepe kamene banja lili nako. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndiwachenjezenso amene ali ndi makina otere. Makina a masewera ngati amenewa kawirikawiri samva kandalama kamene kali pansi kupyola masentimita 30, choncho wina akakuuzani kuti akulozerani chuma chakuya ngati chitsime, sungani ndalama zanu. Lamulo la dziko lino la 1990 loteteza malo ndi zinthu zakale silola munthu kukumba zinthu zamakedzana popanda chilolezo cha boma, ndipo m'nkhalango ya Majete simokumbamo. Kumadera a m'malire ndi Mozambique, kumene nkhondo inatha m'chaka cha 1992, mukapeza chitsulo chadzimbiri chooneka ngati chipolopolo kapena bomba musachikhudze, kauzeni apolisi.

Pomaliza, anzanga a pano pa seminale, mukapita kutchuthi n'kupeza wailesi, tochi kapena sola ya kunyumba ikuvuta, yambani mwayang'ana mabatire ndi mawaya, chimodzichimodzi, wina asanatchule mtengo wa mbuzi.