Tsiku la Snellman ndi loyenera chikondwerero

Pa 12 Meyi chaka chilichonse, anthu a ku Finland amakweza mbendera yawo yoyera ya mtanda wabuluu pokumbukira Johan Vilhelm Snellman, mtolankhani komanso katswiri wa maphunziro yemwe anabadwa tsikuli mu 1806 ku Stockholm. Ife tikuti akuchita bwino, ndipo tikuwafunira mafuno abwino.

Snellman anakulira ku Finland, dziko limene linachoka m'manja mwa Sweden mu 1809 n'kulowa pansi pa mfumu ya Russia. Anthu ambiri ankalankhula Chifinishi, koma mlimi akapita kukhoti pa nkhani ya malire a munda, mlandu wake unkalembedwa m'Chiswidishi. Chigamulo ankabwera nacho kunyumba m'thumba, koma osatha kuwerenga n'liwu limodzi lomwe. Kumaofesi a boma, kusukulu zapamwamba ndi kuyunivesite, Chifinishi chinkathera pakhomo.

Mu 1822 iye analowa yunivesite ya ku Turku pamodzi ndi Elias Lönnrot, amene anadzasonkhanitsa ndakatulo za Kalevala, komanso mlakatuli Johan Ludvig Runeberg. Anzakewo anatumikira mtundu wawo ndi ndakatulo, pomwe Snellman anasankha mtsutso. Atakhala mphunzitsi wamkulu ku Kuopio, mu 1844 anayamba kutulutsa nyuzipepala ziwiri: Maamiehen Ystävä, ya m'Chifinishi yolembera alimi, ndi Saima, ya m'Chiswidishi. Saima ndiyo inkaluma. Inkawauza anthu ophunzira m'chilankhulo chawo chomwe kuti dziko laling'ono lopanda zida zoopsa lingapulumuke ndi maphunziro basi, ndipo maphunzirowo sangazike mizu ngati otsogolera sakulankhula chilankhulo cha anthu amene akuwatsogolera. Akuluakulu a boma anaitseka kumapeto kwa 1846. Mu 1850 anafika mpaka poletsa kusindikiza m'Chifinishi chilichonse chosakhudza chipembedzo kapena ntchito zopezera chuma.

Mphepo inatembenuka Alexander II atakhala mfumu ya Russia. Snellman anakhala pulofesa ku Helsinki mu 1856, ndipo mu 1863 anapatsidwa udindo woyang'anira chuma m'boma. Chaka chomwecho anakopa mfumuyo kuti isaine lamulo lakuti pasanathe zaka 20, Chifinishi chizigwira ntchito m'makhoti ndi m'maofesi mofanana ndi Chiswidishi pa nkhani zokhudza eni chilankhulocho. Apa ndi pamene pagona ulemu wake. Kutamanda chilankhulo pa zikondwerero aliyense amatha, koma kuchilowetsa m'kaundula wa khoti kunafunika munthu wouma mutu, wodziwa makomo a boma. Chodabwitsa n'chakuti mwiniwakeyo mabuku ake akuluakulu ankalemba m'Chiswidishi, ndipo sitikuona kuti zimenezi zikumuchotsera kanthu: amene ankafunika kuwakopa ankawerenga chimenecho.

Koma chikondwerero chisatitseke pakamwa. Mu 1865 Snellman anamangirira ndalama ya Finland, markka, ku siliva, n'kuilekanitsa ndi ndalama ya Russia. Kenako kunagwa njala ya 1866 mpaka 1868. Chisanu chitapsereza mbewu mu 1867, iye anazengereza kukongola ndalama kunja poopa kufooketsa markka, ndipo pomwe tirigu ankagulidwa n'kuti madzi a m'nyanja atayamba kuundana, zombo zikulephera kufika. Anthu oposa 100,000 anamwalira ndi njala komanso matenda, ambiri mwa iwo alimi omwewo amene ankawamenyera nkhondo. Anachoka paudindo mu 1868, ndipo anamwalira mu 1881. Wolemekeza Snellman moona mtima ayenera kutchulanso maliro amenewa.

Ngakhale zinali choncho, mtundu wake unamuweruza kale. Mu 1906, pokumbukira zaka 100 chibadwire iye, anthu masauzande ambiri anasiya mayina awo a Chiswidishi n'kutenga a Chifinishi. Lero chilankhulochi chimalankhulidwa ndi anthu pafupifupi 5 miliyoni, ndipo malamulo a dzikolo amachiika pamodzi ndi Chiswidishi ngati zilankhulo ziwiri za boma.