Chiswe Chikudya Mbiri ya Mulanje

M'nyumba zambiri za m'boma la Mulanje muli sutukesi yakale imene idakankhidwira kunsi kwa bedi. Mkati mwake, pakati pa ziphaso za msonkho, makadi a ubatizo ndi makalata ochokera ku Joni, mumapezeka zithunzi zimene makolo adajambulitsa m'masitudiyo a pa boma, a pa Luchenza kapena a ku Limbe. Zambiri mwa izo zidagwira nkhungu, zina chiswe chidazidya m'mbali, ndipo pafupifupi zonse zilibe dzina kumbuyo kwake. Agogo amene akadatha kuloza ndi chala n'kunena kuti uyu ndi uje mwana wa uje akutha mmodzimmodzi. Anthu amene akulekerera zithunzizi kuti ziwonongeke akutaya mbiri ya boma lonse, ndipo mlanduwu ndi wa mabanja, wa sukulu ndiponso wa atsogoleri.

Kunena zoona, Mulanje ndi boma lojambulidwa kwambiri. Phiri lake, limene nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, lili pa makalendala ndi m'mabuku a alendo, ndipo mu 2025 bungwe la UNESCO lidaliika m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse lapansi. Minda ya tiyi nayo yakhala ikujambulidwa chiyambire kulimidwa mbewuyi m'bomali m'zaka za m'ma 1890. Koma munthu akayang'anitsitsa zithunzi za m'nthawi ya atsamunda amaona chinthu chodandaulitsa. Kawirikawiri mzungu mwini munda amatchulidwa dzina, pamene anthu othyola tiyi amangoima pamzere, madengu kumsana, opanda dzina. Ambiri mwa iwo adali Alomwe amene adathawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique n'kudzagwa m'goli la thangata. Kamera idali m'manja mwa bwana, kotero idaona zokhazo zimene bwanayo adafuna kuona.

Situdiyo ya pa tauni yaing'ono idatembenuza zinthu. Kanyumba kake kadali kosachititsa kaso: nsalu yojambulidwa nyumba zosanja pakhoma, mpando umodzi, katebulo ka maluwa a pulasitiki, ndi kamera yoimikidwa pa miyendo itatu. Koma wolowamo ankalowa mwa kufuna kwake, ndalama yake ili m'manja. Mayi wothyola tiyi ankadikira tsiku la malipiro, n'kuchapa chilundu chake, kumanga duku mwaluso, ndi kukaima pamaso pa wojambula monga momwe adafunira kuti adzukulu ake adzamuone. Mnyamata wobwera kuchokera ku migodi ankaonetsa wotchi ndi wailesi. Akwati ankapita kukajambulitsa asanavule zovala za ukwati. M'kanyumba kameneka mmphawi adali ndi ulamuliro pa nkhope yake, ulamuliro umene sadali nawo kumunda kwa bwana kapena ku ofesi ya DC.

Alipo ena, ngakhale pakati pa anthu ophunzira bwino, amene amanyoza zithunzizi ponena kuti ndi zabodza. Iwo amati jekete idali yobwereka, wailesi idali ya mwini situdiyo, ndipo nyumba zosanja za pa nsalu zija wojambulidwayo sadazionepo n'kamodzi komwe. Zonsezi zikhoza kukhala zoona, koma sizichotsa phindu la chithunzi. Jekete yobwereka imauza wofufuza mbiri chimene anthu a nthawiyo ankachiyesa ulemu ndi chimene ankachilakalaka, ndipo zolakalaka za anthu ndi mbali ya mbiri yawo.

Kuwonjezera apo, pali zambiri zimene wojambulidwa sakadatha kubisa. Mphini za pa masaya a agogo, mapazi ong'aluka kunsi kwa thalauzi lositidwa bwino, ana oimikidwa motsatana misinkhu, zonsezi ndi umboni. Kutalika kwa madiresi a atsikana kumakumbutsa lamulo la kavalidwe la 1973, limene lidaletsa akazi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi kufikira pamene ndale zidasintha m'zaka za 1993 ndi 1994. Nsalu ya chipani ndi baji ya pachifuwa zimasonyeza mmene ulamuliro wa chipani chimodzi udalowerera mpaka m'zovala. Zithunzi za anyamata a masuti zotumizidwa kuchokera ku Johannesburg zimanena za ulendo wa Wenela, umene boma lidauimitsa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown ndi kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo kuchokera ku migodi. Buku la mbiri limapereka chaka ndi chiwerengero, pamene chithunzi chimapereka nkhope ya munthu amene zinthuzo zidamuonekera.

Amene akukayikabe aganizire za John Chilembwe. Mbusayu adaphedwa pa 3 Febuluwale, 1915, m'boma lomweli la Mulanje pamene ankathawira ku Mozambique. Atsamunda adamuika m'manda opanda chizindikiro, ndipo tchalitchi chake cha ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, adachigumula. Komabe lero mwana aliyense wa sukulu amaidziwa nkhope yake, ndipo kuyambira mu 1997 nkhopeyo yakhala ikuoneka pa ndalama za dziko. Kodi zidatheka bwanji? Chilembwe ankajambulitsa, iye pamodzi ndi banja lake ndi ophunzira ake, atavala mwaulemu. Zina mwa zithunzi zake zodziwika bwino adajambula ndi Mungo Murray Chisuse, amene ankagwira ntchito yosindikiza mabuku pa mishoni ya Blantyre, adakaphunzirako ku Scotland, ndipo adali mmodzi mwa anthu akuda oyamba kugwira ntchito yojambula zithunzi mu Nyasaland. Mu 2022 mmisiri wa ku Malawi, Samson Kambalu, adaimika chiboliboli cha Chilembwe pa bwalo la Trafalgar mu mzinda wa London. Chibolibolicho adachitengera pa chithunzi cha 1914 chimene chimaonetsa Chilembwe ataima ndi mmishonale John Chorley, chipewa chili kumutu, m'masiku amene munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa pamaso pa mzungu. Atsamunda adagwetsa njerwa ndi kubisa manda, koma pepala lidawakanika. Chikhala kuti chithunzicho chidatayidwa kudzala, umboni wa kulimba mtima kumeneku ukadapita nacho.

Mayiko ena adazindikira kale phindu la ntchito ya masitudiyo. Ku Mali kudali wojambula wina dzina lake Seydou Keïta, amene adatsekula situdiyo yake ku Bamako mu 1948. Makasitomala ake adali anthu wamba, ndipo nayenso ankawabwereka mawotchi, mawailesi ndi zovala monga momwe ankachitira anzake a ku Malawi. Kusiyana kwake n'kwakuti iye adasunga mosamala mafilimu ake zikwi zambiri. M'zaka za m'ma 1990 zithunzi zake zidayamba kuonetsedwa ku Paris ndi ku New York, ndipo lero wofuna kudziwa moyo wa ku Bamako wa m'zaka za m'ma 1950 amayambira pa zithunzi zimenezo. Nanga mafilimu a ojambula a ku Mulanje ali kuti? Mwini situdiyo akamwalira, ana ake amagawana kamera ndi mipando, koma katoni ya mafilimu, m'mene muli nkhope za tauni yonse, amaiona ngati zinyalala.

Gulu lina la otsutsa limati boma la anthu osowa chakudya ndi malo olima lilibe nthawi yosamala mapepala akale. Mawuwa amamveka anzeru, koma ndi chophimbira ulesi. Kulemba dzina kumbuyo kwa chithunzi kumafuna pensulo ndi mphindi ziwiri basi. Enanso amati masiku ano aliyense ali ndi foni, ndiye zithunzi n'zosasowa. Foniyo singajambule munthu amene adamwalira mu 1965. Ndiponso zithunzi za m'foni zimafa msanga kuposa za pepala, pakuti foni ikabedwa kapena kugwera m'madzi zimapita zonse pa tsiku limodzi. Palinso mabanja amene amang'amba kapena kutentha zithunzi za malemu chifukwa cha chisoni kapena mantha. Chisoni chawo n'chomveka, koma chithunzi cha kholo si cha amasiye okha. Ndi chumanso cha zidzukulu zimene sizinabadwe, ndipo palibe amene ali ndi ufulu wozilanda nkhope ya gogo wawo.

Anthu okhala m'tsinde mwa phiri sayenera kuuzidwa kawiri kuti nthawi sidikira munthu. M'mwezi wa Malichi, 1991, napolo adatsika m'phiri la Michesi ndi kukokolola midzi ya ku Phalombe, dera limene pa nthawiyo lidali mbali ya boma la Mulanje, ndipo anthu mazanamazana adafa. M'mwezi wa Malichi, 2023, namondwe wa Freddy adakantha maboma a kummwera, Mulanje ali m'gulu lomwelo, ndipo anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa. Pamodzi ndi nyumba, madzi adatenga masutukesi. Banja limene lidataya mayi ndi chithunzi chake pa usiku umodzi lidaferedwa kawiri. Akulu adati madzi akatayika saoleka.

Tsono chofunika kuchita si chovuta. Banja lililonse litulutse zithunzi zake agogo akadali ndi moyo, lilembe kumbuyo dzina la munthu, mudzi wake, chaka ndi malo ojambulira. Polemba agwiritse ntchito pensulo, poti inki ya bolopeni imalowerera n'kudetsa nkhope. Zithunzizo zisungidwe pamalo ouma ndi okwera, kutali ndi dzuwa ndi chinyezi. Foni ija ikhale wantchito: chithunzi chilichonse chijambulidwenso ndi kutumizidwa kwa abale okhala kutali, kuti nyumba imodzi ikagwa nkhope zisathere pomwepo. Aphunzitsi a mbiri m'sukulu za sekondale atume ophunzira kumidzi kwawo pa tchuthi kuti akafunse mbiri ya chithunzi chimodzi ndi kuilemba. Khonsolo ya boma, mafumu, mipingo ndi mabungwe a chikhalidwe monga Mulhako wa Alhomwe, umene likulu lake lili pa Chonde, afufuze mabanja a eni masitudiyo akale mafilimu asanatayidwe. Malo osungira zinthu zotere alipo: nyumba ya National Archives ku Zomba, imene idakhazikitsidwa mu 1947, nyumba ya zinthu zakale ya ku Chichiri, ndi laibulale ya Society of Malawi ku Mandala mu Blantyre. Koma malo amenewa sangasunge chinthu chimene eni ake adachisiyira chiswe. Mutu umodzi susenza denga.

Phiri la Mulanje lidzakhalapo zaka zikwi zikubwerazi, ndipo ofuna kulijambula sadzasowa. Mayi wa duku uja, amene adapereka gawo la malipiro ake kuti aime mowongoka pamaso pa kamera, adajambulidwa kamodzi kokha. Iye adachita mbali yake. Ngati mdzukulu wake, amene lero akuwerenga mbiri ya mafumu a ku Ulaya kuti akhoze mayeso, alephera kugwada pansi pa bedi, kukoka sutukesi ndi kufunsa dzina la mayiyo, ndiye kuti wamaliza yekha ntchito imene kamera ya atsamunda idayamba, yosandutsa makolo ake anthu opanda dzina.