Phula likulozera kumadzulo kwa Lilongwe

Paliponse pamene anthu apantchito akumana mumzinda wa Lilongwe masiku ano, kaya ndi pamaliro kaya paukwati, nkhani ya mapuloti siilephera. Aliyense akufuna adziwe dera lomwe litchuke mawa kuti agule malo mitengo isadakwere. Madobadoba nawo ali ndi yankho la wina aliyense: dera lomwe likubwera ndi lomwe iwo ali ndi puloti yogulitsa.

Koma funsoli silofunika ula. Mbiri ya mzindawu imaonetsa kuti dera limakwera pakafika zinthu zitatu: msewu wa phula, madzi a m'mipopi ndi mapepala a malo osakayikitsa.

Pomwe likulu la dziko lino limasamuka ku Zomba kudza ku Lilongwe mu 1975, boma ndilo lidagawa madera. Area 10 ndi Area 43 kudakhala kumayadi chifukwa mapulani adatero, pomwe Kawale, Mchesi ndi Area 25 kudasiyidwira anthu wamba. Nthawi imeneyo misewu ndi mipopi zimayamba, nyumba n'kubwera pambuyo.

Lero zidatembenuka. Kalembera wa 2008 adapeza anthu osakwana 700,000 mumzindawu, koma pofika 2018 adali pafupifupi 990,000, kuposa Blantyre. Mapuloti a boma sadachuluke molingana ndi chiwerengerochi, choncho anthu a ndalama zawo adayamba kugula minda ya m'mphepete mwa mzinda, makamaka komwe phula ladutsa kumene.

Umboni uli ku Area 49. Kale ambiri ankakuona ngati kutchire. Koma Gateway Mall itatsegulidwa pafupi ndi Area 47, bwalo la masewero la Bingu n'kutsegulidwa mu Januwale 2017, kenako msewu wa ku Area 18 n'kukonzedwa, derali lidasanduka pakati pa zinthu. Nyumba zamipanda, malo ogona alendo ndi sukulu zolipira zidamera ngati bowa.

Potsatira chitsanzo chimenechi, madera omwe akuyembekezeka kutchuka m'zaka zikudzazi ndi a kumadzulo: Airwing, Njewa ndi Chitipi, m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji, komanso malo omwe ali m'mphepete mwa msewu wolambalala tauni wochokera cha ku mphambano ya ku Bunda. Msewu wolambalalawu udachititsa kuti munthu wokhala cha ku mphambano ya ku Bunda afike ku City Centre kapena ku Kanengo osadutsa pamlatho wa ku Old Town, pomwe galimoto zimathithikana m'mawa ndi madzulo. Kwa bwana wolowa ntchito 7:30, mphindi zimenezo ndi ndalama.

Zizindikiro zake sizibisika. Dera likayamba kukwera, mashopu ogulitsa simenti ndi malata amaposa magolosale. Kenako pamabwera malo omwetsera mafuta galimoto, sukulu ya mkaka ya dzina la Chingerezi, ndi tchalitchi cha tenti. Alandilodi akayamba kufuna lendi ya miyezi itatu pakamodzi, ndiye kuti mochedwa kale.

Ena amati Mtandire ndi Kauma ndiwo madera a mawa chifukwa adagundana ndi kumayadi, wina ndi Area 47, wina ndi Area 12. Mfundoyi ili ndi nzeru, poti kuyandikira tauni ndi chuma pachokha. Vuto n'lakuti malo kumeneko adagawidwa kale timagawo ting'onoting'ono, misewu ndi yopapatiza, ndipo mwini ndalama safuna kukambirana ndi mabanja asanu kuti apeze puloti imodzi. Komanso ku Mtandire anthu sadaiwale momwe mtsinje wa Lingadzi udasefukira mu Febuluwale 2017 n'kugwetsa nyumba. Madera amenewa adzasintha ndithu, koma pang'onopang'ono.

Chodetsa nkhawa n'chakuti kutchuka kwa dera sikupindulira onse. Mlimi wa ku Njewa akagulitsa munda wa makolo ake, ndalama zimaoneka zambiri tsiku loyamba. Pakatha zaka zochepa puloti imodzi yodulidwa pamunda womwewo imagulidwa pamtengo woposa womwe iye adalandira pamunda wonse, iye ali mlonda pageti ya nyumba yomwe yakhala pomwe padali chimanga chake. Amene amachita lendi nawo amakankhidwira kutali, komwe mtengo wa minibasi umadya theka la malipiro.

Ogula nawo asamangotengeka. Malo ambiri kumadzuloku ndi a mafumu, ndipo kalata ya a nyakwawa si chimodzimodzi ndi lizi ya ku unduna wa za malo. Nkhani za puloti imodzi yogulitsidwa kwa anthu atatu zadzadza m'mabwalo a milandu. Malamulo a za malo a 2016, omwe adakonzedwanso mu 2022, amapereka njira yolembetsera malo a makolo, ndipo wogula wanzeru amayamba wafufuza kaundula asadatulutse khobidi. Paja safunsa adadya phula.

Udindo waukulu uli ndi makhonsolo awiri, ya mzinda ndi ya boma la Lilongwe, poti ena mwa maderawa ali m'malire mwawo. Mzindawu uli ndi mapulani omwe adakonzedwa mu 2010 ndi thandizo la dziko la Japan, oloza mpaka 2030. Ngati madobadoba akudziwa komwe mzinda ukulowera, akuluakulu a mapulani sangalephere kudziwa. Afike msanga ku Njewa ndi ku Chitipi, adule misewu, asunge malo a sukulu, msika ndi chipatala, mipanda ya njerwa isadatseke paliponse.

Akachedwa, Lilongwe adzakhala ndi dera lina la nyumba zosanja zodalira zitsime, lomwe ambulansi singalowe nthawi ya dzinja.