Kuuma kwa Mitsempha: Chenjezo kwa Anthu a ku Phalombe

Kafukufuku amene Boma linachita ndi bungwe la WHO m'chaka cha 2009 anasonyeza kuti mmodzi mwa anthu atatu a zaka 25 mpaka 64 m'dziko muno anali ndi nthenda ya kuthamanga kwa magazi, koma ochuluka osadziwa.

Munthu akamakula, mitsempha yochokera kumtima iuma nileka kutamuka. Pamenepo mtima upopa movutika, ndipo ena afa ziwalo. Mchere wochuluka ndi fodya, yemwe alimi a ku Phalombe amdziwa bwino, zifulumiza kuumako. WHO ilangiza mchere wosafika magalamu 5 patsiku.

Tsono aphunzitsi ndi antchito a Boma ayenera kutsogolera anthu kukapimitsa ku chipatala cha Holy Family kapena cha ku Migowi, pakuti nthendayi siyamba ndi ululu.