Chithunzi Sichiyankhula Chokha

M'maŵa wa pa 14 Okutobala 1962, ndege ya dziko la United States yotchedwa U-2 idadutsa pamwamba pa dera la kumadzulo kwa chilumba cha Cuba, itakwera mamita oposa 21,000. Woiyendetsa adali Major Richard Heyser, ndipo m'mphindi zoŵerengeka kamera yake idajambula zithunzi 928. Tsiku lotsatira filimuyo idafika mumzinda wa Washington, m'zipinda zam'mwamba za nyumba ina yosaoneka bwino imene pansi pake ankagulitsirapo magalimoto. M'menemo mudali akatswiri oŵerenga zithunzi, mkulu wao ali Arthur Lundahl. Zimene anthu aŵa adaona pafupi ndi tauni ya San Cristóbal zidatsala pang'ono kugwetsera dziko lonse lapansi m'nkhondo ya mabomba a nyukiliya.

Anthu ambiri amakhulupirira kuti chithunzi sichinama. Koma chithunzi chojambulidwa m'mwamba sichinena bodza, sichinenanso zoona. Chimangokhala duu, kudikira munthu woti achiyankhulire. Pamene Pulezidenti John Kennedy adaonetsedwa zithunzizo pa 16 Okutobala, sadaonepo mzinga ndi umodzi womwe. Mng'ono wake Robert adadzalemba pambuyo pake kuti iye adangoona ngati malo olambulidwa kuti alimepo munda kapena amangepo nyumba. Tsono Kennedy adafunsa funso limene liyenera kukhala pakamwa pa mtsogoleri aliyense: kodi akatswiriwo adadziŵa bwanji kuti imeneyi ndi mizinga youluka patali? Lundahl adayankha kuti adadziŵira kutalika kwake. Zinthu zokutidwa ndi lona zimene zidagona pa ngolo zidali zotalika mamita pafupifupi 20, muyeso wofanana ndi wa mzinga wa R-12, umene asilikali a Soviet Union ankauonetsa poguba mumzinda wa Moscow. Mzinga umenewu unkatha kuuluka makilomita 2,000, pamene Cuba ali makilomita 145 okha kuchokera ku Florida.

Komabe mzinga wogona pansi ndi chitsulo chabe. Chimene chimaupatsa moyo ndi mafuta, ndipo apa ndi pamene luso la oŵerenga zithunzi lidaonekera kwenikweni. Moto suyaka popanda mpweya. Popeza roketi imatentha mafuta mofulumira zedi, ndiponso imakwera mpaka kumene mpweya kulibe, iyenera kunyamula mpweya wakewake wosungidwa m'madzi a mtundu wina. Mzinga wa R-12 unkamwa zinthu ziŵiri: mafuta ofanana ndi palafini, ndi asidi woopsa wa nitric woyatsira mafutawo. Asidiyo ankafunika wochuluka pafupifupi kanayi kuposa mafuta, ndipo zonse pamodzi zinkalemera matani oposa 35 pa mzinga umodzi wokha. Asidi wotere amadya chitsulo, amawotcha khungu, ndipo nthunzi yake imaononga mapapo. Motero sankamthira mumzinga n'kuusiya kwa miyezi. Ankamsunga m'mathanki akeake okokedwa ndi malole, patali ndi mathanki a mafuta, kufikira nthaŵi yoombera itayandikira.

Zonsezi zimasiya mapazi pansi. Ngolo yaitali siikhota pamsewu wopapatiza, choncho mseu woloŵera pamalo otere umakhota motakasuka kuposa m'mene mlimi wa nzimbe angafunire. Mathanki a mitundu iŵiri oima m'magulu aŵiri olekana, gulu lina lochuluka kuposa linzake, sapezeka pa famu. Mthunzi nawo umaulula zambiri, pakuti munthu wodziŵa tsiku ndi ola limene chithunzi chidajambulidwa amadziŵanso pamene dzuŵa lidali, ndipo poyesa mthunzi amapeza msinkhu wa chinthucho. Akaika zithunzi ziŵiri za malo amodzi, zojambulidwa motsatizana, pansi pa magalasi aŵiri, zinthu zimatumphuka ngati akuziona ali pamwamba pa phiri. Mlenje wodziŵa ntchito yake sadikira kuona njati; akaona ndowe, udzu wopondedwa ndi kuzama kwa mapazi, amatha kunena kuti zadutsa zingati ndiponso liti. Akatswiri aja adalinso ndi mwayi wina: msilikali wamkulu wa ku Moscow, Oleg Penkovsky, adali ataŵapatsa mobisa mabuku ofotokoza kayalidwe ka malo oomberapo mzingawu. Iye adagwidwa pa 22 Okutobala ndipo adaphedwa mu 1963.

Kuyambira pa 23 Okutobala ndege za asilikali apamadzi zidayamba kuuluka m'munsi kwambiri, ndipo zithunzi zake zidaonetsa poyera mathanki a mafuta, mathanki a asidi, mahema osungiramo mizinga ndi malo oimikirapo. Pa 25 Okutobala kazembe Adlai Stevenson adayala zithunzi pamaso pa bungwe la United Nations, kazembe wa Soviet Union, Valerian Zorin, atakana kuyankha ngati mizingayo ilipo kapena ai. Pa 27 ndege ina ya U-2 idagwetsedwa ndipo Major Rudolf Anderson adafa. Pa 28 Nikita Khrushchev adalengeza kuti mizinga ichotsedwa. Nkoyenera kukumbukira kuti nawo a United States adali ataika mizinga yao ya Jupiter m'dziko la Turkey, pakhomo penipeni pa Soviet Union, ndipo adaichotsa mwakachetechete mu 1963 potsata pangano lamseri.

Mbiri imeneyi kaŵirikaŵiri imakambidwa ngati chipambano cha kamera, ndipo imathera pomwepa. Kuithera apa nkulakwa. Akatswiri omwewo, ndi magalasi omwewo, adalephera kupeza chinthu choopsa koposa zonse, ndicho mitu ya nyukiliya yoika kunsonga kwa mizingayo. Mituyo idasungidwa pafupi ndi tauni ya Bejucal, kumwera kwa Havana. Chodabwitsa nchakuti malowo adajambulidwa, ndipo akatswiri adaŵayang'ana, koma adaŵataya poona kuti adazingidwa ndi mpanda umodzi wokha ndipo chitetezo chake chidali chofooka. Iwo ankadziŵa kuti kwao ku Soviet Union mabomba otere amatchingidwa ndi mipanda ingapo ndi alonda ambiri, motero ankafunafuna zomwezo ku Cuba. Nkhaniyi adaifukula ndi mlembi Michael Dobbs m'buku lake la mu 2008. Chiŵerengero cha asilikali nachonso chidaŵaphonya: ankayesa kuti alipo pafupifupi 10,000 pamene adalipo oposa 40,000. Ndipo mu 1992, pamsonkhano wa ku Havana, mpamene zidamveka poyera kuti pachilumbapo padalinso mabomba a nyukiliya ang'onoang'ono oti akadatha kuphulitsidwa pa asilikali a United States akadayesa kuloŵa.

Kodi anthu anzeru chotere adapeza bwanji mafuta naphonya bomba? Yankho lake lagona pa kusiyana kwa zizindikiro ziŵirizo. Mathanki a asidi adalipo chifukwa mzinga sungauluke popanda iwo. Palibe mkulu wa asilikali angalamule asidi kuti aleke kudya chitsulo, kapena ngolo yaitali kuti ikhote pakanjira. Koma mpanda ndi chizoloŵezi chabe cha anthu, ndipo munthu wofulumira kapena wofuna kubisala amasiya chizoloŵezi chake. Poŵerenga mafuta akatswiri adatsamira pa malamulo a chilengedwe. Poŵerenga mpanda adatsamira pa zimene ankayembekeza kuona. Kuona maso a nkhono nkudekha, adatero akale, koma kudekha kokha sikukwanira ngati munthu watsimikiza kale mumtima kuti nkhonoyo ili ndi nyanga za ng'ombe.

Aphunzitsi a jogalafe amene amaphunzitsa kuŵerenga mapu ndi zithunzi asayese phunziroli ngati laling'ono. Wophunzira akanena kuti chimene akuona pachithunzi ndi sukulu, asangopatsidwa malikisi chifukwa walasa. Afunsidwe chimene waonera, ndiponso ngati sichingakhale chipatala kapena tchalitchi. Kale zithunzi zotere zinkatsekeredwa m'maofesi a maboma akuluakulu. Lero aliyense wokhala ndi foni atha kuona denga la nyumba ya kwao pa Google Earth, ndipo zithunzi zolembedwa mivi yofiira zimayenda pa Facebook zikunena kuti apa pali zida, apo pali manda. Muvi wofiirawo suli mbali ya chithunzi. Waikidwa ndi munthu, ndipo munthuyo ali ndi chimene akufuna kuti ena akhulupirire.

Pa 5 Febuluwale 2003, nduna yoona za kunja ya United States, Colin Powell, idakhala pamaso pa bungwe lomwe lija la United Nations ndi zithunzi za setilaiti za malo otchedwa Taji m'dziko la Iraq. Iye mwini adavomera kuti zithunzi zotere nzovuta kuzimvetsa kwa munthu wamba, ngakhale kwa iye yemwe, ndipo adapempha omvera kuti adalire akatswiri. Adaloza galimoto ina nanena kuti ndi yotsukira poizoni, chizindikiro chakuti m'nkhokwezo mudali zida za mankhwala akupha. Patapita masiku asanu ndi anayi, mkulu wa oyendera zida, Hans Blix, adauza bungwelo kuti zimene zidaoneka pamalopo zikadathanso kukhala ntchito wamba ya masiku onse. Galimoto yonyamula madzi imaoneka chimodzimodzi kuchokera kumwamba, kaya ikukatsuka poizoni kaya ikukazima moto. Nkhondo idayamba m'mwezi wa Malichi, anthu miyandamiyanda adafa, ndipo ofufuza a United States omwewo adalengeza mu 2004 kuti nkhokwe za zidazo sadazipeze. Mu 2005 Powell adavomera poyera kuti zimene adayankhula tsiku lija ndi banga losafafanizika pa mbiri yake.