Khomo la uinjiniya limatsekeka mu Fomu 3

Chaka chilichonse bungwe loona za maphunziro aukachenjede la NCHE likatulutsa maina a amene asankhidwa kupita kusukulu zaukachenjede za boma, dandaulo limamveka lomwelo: mwana anakhoza ndi mapointi ochepa, koma kumaphunziro a uinjiniya kumene ankalakalaka, dzina lake kulibe. Makolo ambiri amathamangira kuganiza zoti pachitika kukondera. Komatu nthawi zambiri mlanduwo umakhala utagamulidwa zaka ziwiri m'mbuyomo, mwanayo akulowa Fomu 3.

Gwero la vutoli ndi kawerengedwe ka mapointi. Bungwe la MANEB limapereka magiredi kuyambira 1 mpaka 9, ndipo mapointi a MSCE amachokera pa maphunziro asanu ndi limodzi amene wophunzira wachita bwino koposa. Wophunzira wochenjera amaona msanga kuti giredi 2 ya Bible Knowledge imatsitsa mapointi kuposa giredi 6 ya Physics. Choncho amayamba kujomba m'kalasi la Physics, ndipo pofika nthawi yolembetsa mayeso phunzirolo amalisiya. Aphunzitsi ena sakaniza, poti mbiri ya sukulu imakwera ana akakhoza ndi mapointi ochepa.

Koma osankha ophunzira uinjiniya sayang'ana chiwerengero cha mapointi chokha. Ku MUBAS ku Blantyre, imene kale inali Polytechnic isanaime payokha mu 2021, ndi ku MUST ku Thyolo, imene inatsegulidwa mu 2014, maphunzirowa ndi a zaka zisanu ndipo maziko ake ndi masamu, Physics ndi Chemistry, kuphatikizapo Chingerezi chimene aliyense ayenera kuchikhoza pa giredi 6 kapena kuposa apo. Nawonso uinjiniya wa ulimi ndi wa mthirira ku Bunda, pansi pa LUANAR, umadalira sayansi yomweyo. Amene sanalembe maphunzirowa sangalowe nawo mpikisano, ngakhale mapointi ake atakhala okongola bwanji.

Kumzinda, kholo likhoza kusamutsa mwana kapena kumulipirira mphunzitsi wapadera. Kwa Chimbiya, m'boma la Dedza, nkhani ndi ina. Derali limadziwika ndi mbatata ya kachewere imene amalonda amadzagula pamsika wa m'mbali mwa msewu wa M1, ndipo alimi ake akusowa zinthu zimene mainjiniya amapanga: mthirira wodalirika, mosungira mbewu kuti isaole, ndi milatho yoti galimoto zifike kuminda m'dzinja. Chikhalirecho ana ambiri a kumadera otere amaphunzira m'sukulu zoyendera za CDSS, zimene boma linazikhazikitsa mu 1998 kuchokera ku malo ophunzirira a MCDE. Zambiri mwa sukuluzi zilibe labotale, pamene mayeso a sayansi ali ndi gawo lochita ndi manja. Mwana amene sanayesepo mankhwala m'botolo kapena kulumikiza mawaya a magetsi amakakumana ndi zipangizozo atatsala pang'ono kulemba mayeso, ndipo mnzake wa pa Dedza Government Secondary School, sukulu yakale ya m'boma lomwelo, amakhala atazizolowera.

Kusintha kwa silabasi kunakulitsa mpatawu mosafuna. Silabasi imene inayamba mu 2015 inagawa Physical Science kukhala Physics ndi Chemistry. Ganizolo linali labwino, chifukwa wophunzira amazama pa phunziro lililonse, koma sukulu imene inkavutika kupeza mphunzitsi mmodzi wa sayansi tsopano ikufunika awiri. Kumalo otere mawu oti kusankha maphunziro ndi ongokometsera: mwana amatenga zimene zilipo. Ndipo chichotsereni boma dongosolo la kota mu 2020, palibenso chotchinjiriza wophunzira wa kumudzi. Amapikisana ndi dziko lonse pa magiredi ake basi.

Pali phunziro linanso limene ambiri amalinyalanyaza, la Additional Mathematics. Limaphunzitsidwa m'sukulu zochepa, koma ndi limene limayambitsa mwana calculus, masamu amene amagwetsa ambiri m'chaka choyamba cha uinjiniya. Kumene likupezeka, pamodzi ndi Technical Drawing, wofuna uinjiniya salakwa kulitenga ngakhale litamukwezera mapointi pang'ono.

Masomphenya a Malawi 2063 amaika mafakitale pakati pa nsanamira zitatu za chitukuko, ndipo mafakitalewo adzafuna mainjiniya. Kumanga malabotale kutenga nthawi ndi ndalama, koma pali chimene unduna wa zamaphunziro ungachite popanda kudikira: kuonetsetsa kuti mndandanda wa zofunika pa digiri iliyonse ukufika kwa ophunzira a Fomu 2 ndi makolo awo asanasankhe. Pakali pano ambiri amauona koyamba podzaza fomu ya NCHE, zotsatira za MSCE zili kale m'manja, ndipo chotsala kwa iwo chimakhala kubwereza mayeso kapena kulowera kusukulu zantchito zamanja monga Lilongwe Technical College.